PA MPHALA: Chinkhwe cha malemu chatha nthenga

 Takumananso pa mphala pathu. Sabata ino tisiye kaye za mtengo wa feteleza ndi za maenje a m'misewu, pakuti ndili ndi kalata imene idandiyendetsa ulendo.

Kalatayi idachokera kwa mayi wina wamasiye wa m'mudzi wina kufupi ndi Furancungo. Adawalembera ndi mdzukulu wawo, papepala long'amba m'kope la kusukulu. Mawu ake ndi awa:

"Mwana wanga wa pa wailesi, ndili ndi chinkhwe chimene adandisiyira malemu amuna anga. Chichitikireni maliro awo chaka chatha, mbalameyi ikungodzisosola nthenga. Pachifuwa ponse patsala khungu lokha ngati nkhuku yopita mumphika. Ena akuti yalodzedwa, ena akuti malemu akuiitana ndiye ndingoitaya kutchire. Ine sindingathe. Kodi nditani?"

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Mukuti, ife tikulira mbewu ndi mankhwala a kuchipatala, uyu akutiuza za chinkhwe? Inenso poyamba ndidaiika pansi kalatayo. Koma tsiku lina popita kukajambula pulogalamu ya alimi cha ku Furancungo, kudzera msewu wa Dómuè uja, ndidapatuka kuti ndikawaone mayiwo.

Ndisanati n'komwe odi, ndidamva mawu aakulu a bambo kuchokera kukhitchini: "Make mwana, ndafika!" Ndidavula chipewa kudikira kuti mwini khomo atuluke. Sadatuluke munthu. Mayi aja adangopukuta msozi ndi nsonga ya chitenje. "Ndi iwowo, mwana wanga," adatero. "Ndi mmene ankanenera akangotsika m'galimoto."

Malemuwo anali woyendetsa lole, ndipo ankafika mpaka ku Lubumbashi m'dziko la Congo. Kumeneko ndi kumene adachitenga chinkhwechi zaka zoposa 20 zapitazo. Ndi chotuwa ngati phulusa, mchira wake wofiira, chija pa Chipwitikizi amati papagaio cinzento. Mwa zinkhwe zonse, chimenechi ndiye katswiri wotsanzira mawu a munthu, ndipo chikasamalidwa chimatha kukhala zaka 40 ngakhale 50. Pakhomo paja palibe tepi kapena foni imene idajambula mawu a malemu. Mawuwo adatsalira pakhosi pa mbalameyi basi. Ikafa, mayiwa aika maliro kachiwiri.

Nditabwerako ndidafunsa kwa odziwa za ziweto ndi kuwerenga zimene madokotala a mbalame adalemba, pakuti safunsa adadya phula. Zimene ndidapeza ndazilemba pano kuti zithandizenso ena, chifukwa ndaona zinkhwe zobiriwira za m'nkhalango zathu zili m'timakola pa makomo angapo, ndipo zambiri mwa izo n'zonyankhalala.

Yambani mwayang'ana kumutu

Mbalame ikamatha nthenga, pali zinthu zitatu zoyenera kusiyanitsa.

Choyamba ndi kuyoyola nthenga kwachilengedwe, monga zichitira nkhuku zathu. Nthenga zakale zimagwa pang'onopang'ono, zatsopano zikutuluka ngati timinga, ndipo khungu silioneka poyera. Apa palibe chodetsa nkhawa.

Chachiwiri ndi kudzisosola. Chizindikiro chake n'chosavuta. Mlomo wa mbalame umafika pachifuwa, m'ntchafu, kunsi kwa mapiko ndi kumsana, koma sungafike pamutu pake. Mukaona thupi lili mbee koma mutu uli ndi nthenga zake zonse zosalala, dziwani kuti mbalameyo ikudzizula yokha. Chinkhwe cha mayi aja chinali chotero. Mutu unali bwinobwino ngati wa mkwatibwi, chifuwa chili pamtunda.

Chachitatu ndi matenda a mlomo ndi nthenga, amene amayamba ndi kachilombo ka vairasi. Madokotala a ziweto a ku Australia ndiwo adayamba kuwalongosola m'zaka za m'ma 1970, ndipo adapezekanso m'zinkhwe za kutchire ku South Africa. Pa matendawa nthenga zimathothoka ndi kumutu komwe, zatsopano zimatuluka zopindika, zazifupi, zina zili ndi magazi m'kati, ndipo nthawi zina mlomo umatalika ndi kusweka. Matendawa alibe mankhwala ndipo amapatsirana pakati pa zinkhwe. Mbalame yotere isakhale pafupi ndi inzake, ndipo musaitaye kutchire, chifukwa ikafalitsa matendawo kwa zinzake za m'nkhalango.

Onaninso ngati m'khola mulibe utitiri, makamaka ngati khola lili pafupi ndi la nkhuku. Tizilomboti timabisala m'ming'alu masana ndi kutuluka usiku. Mukatipeza, tulutsani mbalame, tsukani khola ndi madzi otentha, liume padzuwa. Musayerekeze kuipaka parafini, mafuta a galimoto, kapena kuiwaza mankhwala a m'nkhokwe ndi a kufodya. Amenewo amapha mbalame msanga kuposa utitiriwo.

Chitini cha mtedza

Nditaona kuti ndi kudzisosola, ndidapempha kuti andionetse chakudya chake. Mdzukulu adabweretsa chitini. Munali mpendadzuwa ndi mtedza, basi. Ndidafunsa kuti kodi malemu ankachipatsa chiyani. Mayi adati akabwera ku ulendo ankachigawira chilichonse cha m'thumba mwawo, mango, papaya, karoti, nthochi, ndipo ankachitenga paphewa kupita nacho kudimba kumene chinkajompha masamba. Chimwalirireni iwo, chitini chokha. "Ndi zimene chimakonda," adatero mayiwo.

N'zoona, chimakondadi, monga mwana akondera switi. Koma njere ya mpendadzuwa ndi ya mtedza, pafupifupi theka lake ndi mafuta okhaokha. Mbalame ya kutchire imaotcha mafuta pouluka mitunda italiitali tsiku lililonse. Ya m'khola imangokhala pa kamtengo, mafutawo n'kumaunjikana m'chiwindi. Chiwindi chikadwala, nthenga zimafooka, zimasintha mtundu, ndipo mlomo ndi zikhadabo zimatalika mopitirira.

Chinanso, njerezi zilibe vitamini A wokwanira. Vitamini ameneyu ndiye amasunga khungu, maso, m'mphuno ndi kukhosi kuti zikhale zofewa ndi zolimbana ndi matenda. Akasowa, khungu limauma ndi kuyabwa, mphuno zimatsekeka, mbalame imayetsemula kawirikawiri, ndipo m'kamwa mumatha kutuluka timatuza toyera. Khungu likamayabwa, mlomo umapita pomwepo. Njerezi zilinso ndi kashiamu wochepa kwambiri, ameneyo ndi mchere womanga mafupa, ndipo chinkhwe chotuwa chimadziwika kuti chimasowa kashiamu msanga kuposa zinzake. Zikafika poipa chimanjenjemera ndi kugwa pa kamtengo kake ngati chakhunyu. Anthu akaona zotere amati chalodzedwa, pamene vuto lili m'chitini.

Tikumbukirenso kuti nthenga imapangidwa ndi zakudya zomanga thupi, chimodzimodzi tsitsi ndi zikhadabo zathu. Mbalame yothothoka chifuwa chonse ili ngati munthu amene nyumba yake yasasuka denga. Pafunika udzu wabwino kuti afolerenso.

Koma chimene chidandiopsa kwambiri ndi mtedza weniweniwo. Nditauthira m'dzanja ndidaona kuti ndi wotsalira posankha, wonyala, wofumbwa, wina wakuda. Wabwino udapita kumsika, woipa adasungira mbalame. Tonse timatero ndi nkhuku. Mtedza wotere ndi umene umakhala ndi chuku, ndipo chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi. Dziko lidamudziwa poizoni ameneyu chifukwa cha mbalame zomwe. M'chaka cha 1960 ku England kudafa nkhukundembo zokwana 100,000 zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wachuku wochokera ku Brazil. Ndipo sasankha mbalame zokha. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 adamwalira atadya chimanga chachuku. Kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Mtedza umene inu simungauike m'kamwa mwanu, musaupereke kwa chinkhwe, ndiponso musausinjire nsinjiro za ana.

Mankhwala ali m'dimba mwathu momwe

Madokotala a mbalame a m'mizinda ikuluikulu amalangiza chakudya chogula cha timibulu chimene adasakaniziratu zonse zofunika. Amene ali ndi mbale ku Joni atha kuitanitsa. Enafe tisadandaule, pakuti Tsangano ndi Macanga ndi maiko a chakudya.

Tiyambe taona mmene chinkhwe chimadyera kutchire. Zobiriwira zathu zija zimadya nkhuyu, maula, mfula, njere za m'makoko a mitengo ya m'nkhalango, maluwa, ndipo zikapeza mpata zimalowa m'munda wa mapira ndi chimanga. Mwezi uno zili pa mtengo uwu, mwezi wamawa pa wina. Palibe chinkhwe cha kutchire chimene chimadya chinthu chimodzi chaka chonse. Ndiye mbale ya chinkhwe cha pakhomo itsanzire nkhalango.

Gawo lalikulu likhale la masamba ndi zinthu zofiira kapena zachikasu m'kati, pakuti m'menemo ndi mmene thupi limatengamo vitamini A. Dzungu lophika, karoti, papaya, mango akupsa, ndi mbatata yofiira m'kati yophika. Mbatata imeneyi ndi ija alangizi akhala akutilimbikitsa kubzala chifukwa cha ana, imene idapatsa mphoto ya World Food Prize mu 2016 mayi Maria Andrade, katswiri amene wagwira ntchito yake zaka zambiri muno m'Mozambique. Pa masamba, perekani bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, repu ndi chammwamba, aawisi, otsuka bwino. Ngati m'dimba mwathira mankhwala posachedwa, masamba amenewo asafike kwa mbalame. Tsabola wofiira musaope kupereka. Mbalame sizimva kuwawa kwa tsabola monga ife, ndipo zinkhwe zambiri zimamukonda.

Gawo lachiwiri likhale la mbewu zosiyanasiyana: mapira, mawere, mchewere, tirigu wathu wa ku Tsangano, mpunga wophika, ndi chimanga chachiwisi chodula ndi chitsononkho chake kuti chizigwira ndi phazi. Amayi amene mumadziwa kumeretsa chimera cha thobwa muli ndi luso lofunika apa. Mawere kapena mapira ongoyamba kumera ndi chakudya chabwino kwambiri, bola muwatsuke ndi madzi oyera ndi kupereka tsiku lomwelo asanayambe fungo.

Gawo lachitatu ndi la zomanga thupi: nyemba, khobwe, nandolo kapena nsawawa. Nyemba zouma ziphikidwe mpaka kupsa, pakuti zosaphika zili ndi poizoni. Patulani za mbalame musanathire mchere, soda, mafuta ndi anyezi. Kamodzi kapena kawiri pa sabata perekani kachidutswa ka dzira lowiritsa. Chigoba cha dzira lowiritsalo musataye. Chiumitseni, muchipere kukhala ufa, ndi kuwaza pang'ono pa chakudya ngati mmene muwazira mchere pa ndiwo. Ameneyo ndiye kashiamu wosalira ndalama.

Zipatso zotsekemera monga nthochi, magwafa, masuku ndi mapichesi zikhale zochepa, kachidutswa kamodzi kapena tiwiri pa tsiku. Mtedza ndi mpendadzuwa zisachoke zonse, koma zikhale mphatso: njere zowerengeka zosankhidwa bwino, zopereka pamanja madzulo. Chinkhwe chotuwa chimalemera pafupifupi theka la kilo, ndipo zobiriwira zathu n'zochepa kuposa apo, choncho chakudya cha tsiku lonse sichidzaza kapu ya tiyi. Zophika ndi zipatso zikatsala pakapita maola ochepa, chotsani zisanasase. Madzi akumwa asinthidwe tsiku lililonse, mbale zitsukidwe.

Tsono chenjezo ili mulimve bwino. Musachotse chitini chija tsiku limodzi. Chinkhwe ndi mbalame yamakani, chimatha kufa ndi njala chakudya chachilendo chili patsogolo pake. Yambani m'mawa pamene chili ndi njala. Dulani zatsopanozo tizidutswa ting'onoting'ono, musakanize ndi njere zochepa za zimene chidazolowera. Masana muchipatse chakudya chake chakale, koma muzichepetsa pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Muzidya inu chikuona, pakuti kutchire zinkhwe zimaphunzira chakudya poona zinzake. Chikataya dzungu lero, mawa muperekenso. Muziyang'ana zitosi. Zikachepa kwambiri ndiye kuti sichikudya, bwererani m'mbuyo pang'ono. Ntchitoyi imatenga masabata, mwina miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Izi zokha ayi

Pali zakudya zimene kwa ife n'zabwino koma kwa chinkhwe ndi imfa. Choyamba ndi peyala. Chipatso chake, khungu lake, nthanga yake ndi masamba ake, zonse zili ndi poizoni amene amagwira mtima wa mbalame, ndipo imatha kufa pasanathe masiku awiri. Auzeni ana zimenezi, chifukwa iwo ndi amene amakonda kugawira mbalame chimene ali nacho m'manja.

Pichesi mupereke mnofu wokha. Nthanga yake ili ndi poizoni m'kati, ndipo mlomo wa chinkhwe umatha kuiswa. Chimodzimodzi njere za apozi. Mbatata ya kachewere yaiwisi, yobiriwira khungu kapena yophukira, pamodzi ndi masamba ake, ayi. Chinangwa chachiwisi ayi. Anyezi ndi adyo ayi. Chokoleti, khofi, tiyi ndi zakumwa za m'botolo ayi. Tchipisi cha pachiwaya ndi zina zamchere ndi mafuta ayi. Mkaka mimba ya mbalame siugaya bwino. Nsima yozizira pang'ono siipha, koma imangodzaza mimba popanda chomanga nthenga.

Ndipo inu abambo amene mumathira masese kapena kachasu m'mbale ya chinkhwe kuti anzanu aseke chikamadzandira, lekani. Kachiwindi kake n'kochepa ngati nsonga ya chala chanu.

Utsi, dzuwa, madzi ndi kusungulumwa

Ndikadanena kuti zonse zathera m'mbale ndikadakunamizani. Khola la mbalame ya mayi aja lidapachikidwa m'khitchini, pamwamba pa mafuwa. Adatero mwachifundo, poopa chisanu. Koma mapapo a mbalame sapirira utsi ngati athu, ndipo mwaye ukamatira pa nthenga, mbalame imalimbana nawo ndi mlomo mpaka kuzula. Tidalichotsamo tsiku lomwelo ndi kuliika pakhonde, pamalo opanda mphepo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka inu a m'mapiri a Tsangano, lowetsani khola m'nyumba usiku ndi kulifunditsa nsalu, kusiya mpata wa mpweya. Mbalame yopanda nthenga pachifuwa imazizidwa msanga.

A ku Macanga, mawu awa ndi anu. Khola lisakhale m'chigafa kapena pamene mukusankhira fodya. Mukachoka ku fodya, kapena mukatha kusuta, sambani m'manja ndi sopo musanagwire mbalame kapena chakudya chake. Madokotala adaona kuti ululu wa fodya wotsalira m'zala umayabwitsa mapazi ndi khungu la zinkhwe.

Chinkhwe chimafuna dzuwa la m'mawa, pakuti ndi limene limathandiza thupi kugwiritsa ntchito kashiamu uja. Dzuwa lodzera pagalasi la zenera silithandiza. Ikani khola panja kanthawi, mbali imodzi ili pamthunzi, munthu ali pafupi chifukwa cha amphaka ndi akabawi. Chimafunanso kusamba. Ikani mbale yosaya ya madzi oyera, kapena muwaze madzi ndi masamba onyowa ngati mvula yowaza, kukatentha, kawiri kapena katatu pa sabata. Sopo ndi mafuta odzola ayi. Usiku chigone maola 10 kapena 12 pamdima, kutali ndi phokoso. Ine wa pa wailesi ndikuti, ikakwana nthawi yogona mbalame, wailesi ichoke pafupi ndi khola.

Khola likhale lalikulu loti n'kutambasula mapiko onse osagunda. Waya wadzimbiri, wopaka penti yakale, kapena watsopano wonyezimira uja, chinkhwe chikamautafuna chimameza chitsulo chimene ndi poizoni. Chipatseni zotafuna zabwino: nthambi zaziwisi za gwafa, za mabulosi kapena nsungwi, ndi masamba ake omwe. Mlomo umene uli pa ntchito yosenda khungwa ulibe nthawi yozula nthenga. Khola likhale kutali ndi nkhuku chifukwa chitopa chimagwiranso zinkhwe. Posesa zitosi yambani mwawaza madzi kuti fumbi lisauluke, musambe m'manja mukatha, ndipo musadyetse mbalame kuchokera m'kamwa mwanu, pakuti pali matenda a chifuwa amene zinkhwe zimapatsira anthu.

Chotsiriza ndi chimene mayi aja adachidziwa kale mumtima. Kutchire chinkhwe chimakhala m'gulu, ndipo chimasankha mnzake mmodzi wokhala naye zaka zambiri. Cha pakhomo chimasankha munthu. Ichi chidasankha malemu. Adachoka osabwerera, chakudya chidasintha, khola lidasamukira ku utsi, ndipo aliyense pakhomo ankachilambalala chifukwa mawu ake ankawakumbutsa maliro. Amene ankati chikulira malemu sadalakwe kwenikweni. Adalakwa pa mankhwala ake. Kuchitaya kutchire ndi kuchipha, pakuti mbalame imene yakhala zaka 20 pakhomo sidziwa kudzifunira chakudya, ndipo kwawo ndi ku nkhalango za mvula za ku Congo.

Ndidawapempha mayiwo kuti azikhala nacho pafupi akamasenda nyemba kapena kupeta, azichiyankha chikalankhula. Chikayamba kudzizula asachikalipire kapena kuchimenya, chifukwa chimaphunzira kuti kuzula nthenga ndiko kumaitana anthu. Angochipatsa nthambi, ndi kuchiyamikira pamene chikutafuna.

Ngati mbalame yadzipweteka mpaka magazi, yasiya kudya, ikupuma movutika, kapena yangokhala pansi itafufuma, musadikire sabata yamawa. Pitani kwa mlangizi wa ziweto ku ofesi ya SDAE pa boma lanu.

Mmene zilili tsopano

Patapita miyezi iwiri mdzukulu uja adandiimbira. Akuti masabata awiri oyamba chinkhwe chinkataya dzungu pansi ndi kutukwana m'Chiswahili, mawu amene malemu adabwera nawo ku maulendo. Chidagonja pa tsabola ndi chimanga chachiwisi, kenaka mbatata. Tsopano pachifuwa payamba kutuluka timinga totuwa ta nthenga zatsopano. Sindidawalonjeze kuti zonse zidzabwerera, pakuti pamene padazulidwa kambirimbiri nthawi zina sipameranso, ndipo chinkhwe chimene chidazolowera kudzizula chimatha kuyambiranso. Koma chikudya, chikusamba, ndipo akuti m'mawa uliwonse chikati "Make mwana, ndafika," anganga amayankha kuti "Fikani, bambo."

Ndisanatseke mphala, mawu awiri.

Oyamba ndi a anyamata amene mumakwera mitengo kukatapa ana a zinkhwe m'mphako, kapena kutchera ulimbo, kuti mukagulitse kwa apaulendo. Mwaona kuchuluka kwa ntchito yosunga mbalame imodzi. Ambiri mwa ana amene mumatapawo amafera m'katoni. Ofufuza ku Ghana adapeza kuti mwa zinkhwe zotuwa 100 zimene zinaliko mu 1992, zosachepera 90 zidatha chifukwa cha malonda ndi kudula mitengo. N'chifukwa chake mu 2016, pa msonkhano wa CITES ku Johannesburg, maiko adagwirizana zoletsa malonda odutsa malire a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire. Mozambique ndi Malawi onse ali m'panganoli, ndipo lamulo lathu loteteza zachilengedwe la 2014, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, lili ndi chilango cha ndende kwa ochita malonda a nyama zotetezedwa. Madalaivala a lero asachite zimene ankachita akale. Tili nato tizinkhwe tathu tating'ono ta nkhope yofiirira m'nkhalango za tsanya za m'chigwa cha Zambezi ndi ku Liwonde, timene katswiri wa mbalame wa ku Malawi, Tiwonge Mzumara, wakhala akutifufuza. Timagona m'mphako za mitengo ikuluikulu ya tsanya, yomweyo imene ikuthera ku makala ndi matabwa. Dera lina la Tsangano timalitcha Ntengo-wa-Mbalame. Adzukulu athu asadzafunse kuti mbalamezo zinali zotani. Amene muli nacho kale chinkhwe, chisamaleni mpaka ukalamba wake, koma musagule china.

Achiwiri ndi a ife tonse. Pamene ndinkawerengera mayi aja zakudya za chinkhwe, dzungu, mbatata yofiira, bonongwe, nyemba, dzira, papaya, mpongozi wawo amene anali atakhala pambali ndi mwana kumsana adaseka. Adati, "Achimwene, zimenezi si zomwe amatiuza ku sikelo?" Ndi zomwezo. Kafukufuku wa boma wa 2011 adapeza kuti ana 43 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu muno m'Mozambique anali opinimbira, ndipo wa 2022 mpaka 2023 adapeza 37. Ife amene timadzaza malole ndi mbatata, nyemba ndi kabichi kupita ku Tete ndi ku Blantyre, tiyang'ane m'mbale ya mwana wathu madzulo ano. Chinkhwe chikasowa zakudya chimaonetsa pa nthenga ndipo mudzi wonse umaona. Mwana amangokhala chete, osakula.

Kwa lero mphala yathera pano. Amene muli ndi funso, kaya la ziweto, la kumunda kapena la pakhomo, lembani kalata ku nyuzi ino monga mwa nthawi zonse. Sabata yamawa tidzakambirana za kasungidwe ka mbewu ya mbatata ya kachewere, poyankha bambo wina wa ku Tsangano amene yake idaola yonse m'nkhokwe. Tsalani bwino, ndipo ana asapatse chinkhwe peyala.